Seva ikamangodikira: reactive programming ndi ma driver a database osaimitsa thread

Kumapeto kwa mwezi, malipiro akangolowa, mzinda wa Blantyre umakhamukira pa foni. Wina ali m'minibasi ya ku Chirimba akugula mayunitsi a magetsi, wina pa Ginnery Corner akutumiza ya lendi pa Airtel Money, mayi wa ku Bangwe akulipirira mwana fizi pa Mpamba. Kuseri kwa kudinaku kuli ma seva a mabanki, a makampani a foni, komanso a timakampani tambirimbiri tolandira malipiro m'malo mwa masukulu, ma SACCO ndi mashopu. Amene amayang'anira ma seva otere amadziwa chinthu china chozunguza mutu. Makasitomala akuimba kuti zinthu zaima, koma mukasuzumira pa makinawo CPU ili phee, memory ilipo yambiri. Seva sinatope ayi. Ikungodikira.

Reactive programming ndi ma driver a database (timapulogalamu tolumikiza pulogalamu yanu ndi database) otchedwa asynchronous zinabwera kudzalimbana ndi kudikira kumeneku. Kungoti kudikira kuli pawiri. Kwina zimakuthetsadi, kwina sizikukhudza n'komwe, ndipo ambiri amene apsa nazo ndi oti anasokoneza ziwirizi.

Pulogalamu ya Java yolembedwa mwa masiku onse imapereka thread imodzi ku pempho lililonse. Thread ndi kanjira kamodzi ka ntchito m'kati mwa pulogalamu, kotsata malamulo limodzilimodzi kuchokera pamwamba kutsika pansi. Pempho likafika, thread imalinyamula, imafunsa database, imadikira, imaitana API (khomo lomwe mapulogalamu amalankhulirana) ya kampani ya malipiro, imadikiranso, imalemba risiti, kenako imayankha. JDBC, njira yomwe Java yakhala ikulankhulira ndi ma database kuchokera mu 1997, inamangidwa chomwecho. Mukaitana executeQuery(), thread imaima pomwepo mpaka mizere itabwera, ndipo singapatsidwe ntchito ina. Tomcat, seva yoyendetsa mapulogalamu a Java, mukapanda kuisintha imakhala ndi ma thread 200.

Masamu ake John Little anawatsimikizira mu 1961: zinthu zomwe zili m'kati mwa dongosolo pa nthawi imodzi zimalingana ndi liwiro lomwe zikulowera, kuchulukitsa ndi nthawi yomwe chilichonse chimakhalamo. Tiyerekeze kuti pempho limodzi limatenga theka la sekondi. Ma thread 200 atumikira mapempho 400 pa sekondi. Ndiye lafika tsiku la malipiro, ndipo kampani yomwe mumaiitanayo yayamba kuyankha patatha masekondi 5. Seva yomweyo, code yomweyo, tsopano ikukwanitsa mapempho 40 okha pa sekondi. Otsalawo ali pa mzere, kuphatikizapo munthu amene amangofuna kuona balansi, pempho losakhudzana ndi malipiro n'komwe. Pa USSD, njira ija yodina manambala a * ndi # pa foni, zimafika pa mwana wakana phala, chifukwa netiweki siyembekeza nthawi yaitali. Session imaduka, munthu amadinanso, ndipo katundu yemwe anali wolemera kale uja amawirikiza.

Kwathu kuno mtunda umawonjezera. Dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, choncho intaneti imayenda pa fibre kudutsa ku Tanzania ndi ku Mozambique kuti ikakumane ndi zingwe za pansi pa nyanja monga EASSy ndi SEACOM. Kuwala mu fibre kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa millisecond iliyonse. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Frankfurt, komwe kuli ma data centre ambiri, ndi makilomita opitirira 7,500 mutawongola njira, ndiye kupita ndi kubwera sikungachepere ma millisecond 75, ndipo zingwe zenizenizo zimazungulira m'mbali mwa nyanja. Pulogalamu ikakhala kuno, database ku Ulaya, tsamba limodzi n'kumafunsa ma query 10 motsatizana, sekondi yatsala pang'ono kutha pa ulendo wokha, database isanachite kalikonse. Microsoft inatsegula ma data centre ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Zinachepetsako ulendo, koma sunathe.

Bwanji osangowonjezera ma thread afike 5,000? Thread wamba ya Java ndi thread ya operating system, ndipo pa Linux ya 64-bit iliyonse imasungiridwa memory yakeyake (stack) ya 1 MB. Akachuluka, kernel, yomwe ndi mtima wa operating system, imataya nthawi posinthasintha pakati pawo. Dan Kegel analemba za vutoli mu 1999 n'kulitcha C10K: seva imodzi ingasunge bwanji ma connection 10,000 nthawi imodzi? Yankho linali lakuti thread isamaime pa socket imodzi, kutanthauza khomo la connection imodzi ya pa netiweki. Linux inalandira epoll, njira yoti thread imodzi ifunse kernel kuti, mwa ma socket onsewa, ndi ati omwe ali ndi uthenga panopa. Pa maziko amenewa ndi pomwe panamangidwa nginx ya Igor Sysoev mu 2004, Node.js ya Ryan Dahl mu 2009, komanso Netty ku mbali ya Java. Thread yozungulira ikufunsa funso limeneli ndi yomwe imatchedwa event loop.

Pa chigayo cha ku Ndirande mumapeza anthu a mitundu iwiri. Ena amaima pambali pa thumba lawo mpaka nthawi yawo ikwane, m'mawa wonse n'kuthera pomwepo. Ena amasiya thumba pa mzere, n'kumuuza mnyamata wa pachigayo kuti "achimwene, mukagaya mundiflashe," iwo ulendo kukagula ndiwo. Wachiwiriyu wapindula ndi nthawi yake. Koma chigayo chikugaya pa liwiro lomwe lija, ndipo ufa sutuluka msanga chifukwa choti mwini wake wachokapo. Database ndiye chigayocho.

Driver ya asynchronous imachita za munthu wachiwiri uja. Imalemba query pa socket n'kubwerera nthawi yomweyo ndi kanthu koimira yankho lomwe lidzabwere. Thread imapita kukatumikira ena. Mizere ikayamba kufika, epoll imadziwitsa event loop, driver imamasulira ma byte, n'kupitiriza ntchito pomwe inalekezera. Mu Node.js ma driver monga pg anabadwa otere. Python ili ndi asyncpg, ndipo SQLAlchemy inayamba kugwira ndi asyncio pa mtundu wa 1.4 mu 2021. Java ndi yomwe inachedwa, chifukwa JDBC inali itazika mizu paliponse. R2DBC, njira yolankhulira ndi database osaimitsa thread, inalengezedwa mu 2018 ndi anthu a ku Pivotal, mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu 2022, ndipo ili ndi ma driver a PostgreSQL, MySQL, MariaDB, SQL Server, Oracle ndi H2. Eclipse Vert.x ili ndi ake payokha.

Asynchronous ndi reactive si chinthu chimodzi

Ngati mukudikira yankho limodzi, promise kapena async/await zikukwanirani. Reactive programming imayang'ana kwina: deta yobwera motsatizana, yomwe mwina simukudziwa kuti itha liti, ndiponso funso lakuti chichitike n'chiyani wotumiza akamathamanga kuposa wolandira. Erik Meijer ndi anzake ku Microsoft ndi omwe anatulutsa Reactive Extensions. Netflix inatengera ganizolo ku Java n'kupanga RxJava, ndipo mu 2015 mainjiniya a Netflix, Pivotal, Typesafe ndi makampani ena anagwirizana pa malamulo amodzi otchedwa Reactive Streams. Mu 2017 malamulowo analowa mu Java 9 pa dzina lakuti Flow, chaka chomwechonso Spring 5, framework ya Java, inabweretsa WebFlux yolembera ma seva a reactive.

Malamulowo ndi ochepa modabwitsa. Pali Publisher, Subscriber, Subscription ndi Processor, basi. Pagona nkhani ndi pa request(n). Wolandira amanena yekha kuti ndipatseni zinthu 50, ndipo wotumiza saloledwa kupyola 50 mpaka atapemphedwanso. Chimenechi ndi chomwe amati backpressure. Mu Project Reactor, yomwe WebFlux imagwiritsa ntchito, Mono ndi yankho limodzi kapena lopanda kanthu, Flux ndi mayankho ambiri. Kugula mayunitsi kungalembedwe motere:

```
makasitomala.pezaNdiFoni(nambala)
    .flatMap(k -> malipiro.dula(k, ndalama))
    .flatMap(risiti -> marisiti.save(risiti))
    .timeout(Duration.ofSeconds(8));
```

Mizere inayiyi siichita kanthu pa yokha. Ikungofotokoza ntchito yomwe idzachitike wina akadzaitana subscribe(), ndipo mu WebFlux woitanayo ndi framework, pokhapokha ngati mwaibwezera Mono imeneyi. Apa ndi pomwe pamagwera aliyense wobwera kumene. Amalemba marisiti.save(risiti) pa mzere wakewake, monga anazolowerera ku JPA, njira wamba ya Java yosungira deta mu database, osailumikiza ku unyolowo. Compiler siidandaula, error siituluka, kasitomala amauzidwa kuti zatheka, koma mu database mulibe risiti. Zimadzadziwika akauntanti akamawerengetsa ndalama kumapeto kwa sabata.

Backpressure imaonetsa mphamvu yake pa deta yambiri. Taganizirani lipoti la malipiro onse a chaka, mizere mamiliyoni angapo, likutsitsidwa ndi munthu wa ku Lunzu pa netiweki yofooka. Driver ya JDBC ya PostgreSQL imakoka mizere yonse kuiunjika mu memory, pokhapokha mutazimitsa autocommit n'kuika fetchSize. Pa njira ya reactive, foni ikamalandira pang'onopang'ono, seva imachepetsa zomwe ikupempha, driver imaleka kuwerenga socket, TCP imadzaza, ndipo database imakakamizika kudikira. Memory imakhala pamodzimodzi kaya mizere ndi 1,000 kaya 5 miliyoni. Komabe pali mtengo wake umene anthu sakonda kuutchula: nthawi yonse yomwe foni ya ku Lunzu ikutsitsa, connection imodzi ya database yagwidwa, ndipo wina aliyense sangaigwiritse ntchito.

Mzere sunathe, wangosamuka

PostgreSQL imayambitsa process yatsopano pa connection iliyonse, ndipo max_connections imabwera ili pa 100. Ya MySQL imabwera ili pa 151. Connection imodzi imagwira query imodzi pa nthawi. Ma driver ena amatha kutumiza ma query angapo motsatizana asanalandire yankho loyamba, zomwe zimapulumutsa maulendo a pa netiweki, koma database imawagwirabe limodzilimodzi pa connection imeneyo. N'chifukwa chake pamakhala pool, kagulu ka ma connection obwerekana. HikariCP imayamba ndi 10, r2dbc-pool nayonso 10. Anthu amaona ngati nambalayi ndi yochepa n'kuikweza kufika mazana, koma database ya ma core 4 singagwire ma query 200 nthawi imodzi. Imangowasinthanitsa, onse n'kuchedwa limodzi.

Taonani zomwe zimachitika mukasamukira ku reactive. Kale ma thread 200 aja, ngakhale amatitopetsa, anali geti. Mapempho opitirira 200 sankalowa. Tsopano geti lachoka. Seva ikhoza kulandira mapempho 20,000, onse n'kukaunjikana pa ma connection 10 omwe aja, aliyense atagwirizira memory yake, ambiri mwa iwo eni ake atatopa kale n'kudula foni. Geti muyenera kulimanganso nokha: malire a nthawi yodikira connection, malire a kutalika kwa mzere, ndi kukana msanga mapempho mzere ukadzaza. Kumuuza munthu mu sekondi imodzi kuti ayesenso n'kwaulemu kuposa kumusunga masekondi 30 kenako n'kumukana. Samalaninso ndi flatMap pa Flux. Mukapanda kuiuza, imayambitsa ntchito 256 nthawi imodzi, ndiye kalipoti kamodzi kofunsa database pa mzere uliwonse kakhoza kulanda pool yonse. Muiuze nambala yochepa, kapena gwiritsani ntchito concatMap yomwe imayenda chimodzichimodzi.

Pa nkhani ya ndalama pali misampha iwiri yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa yonse. Woyamba ndi kutsegula transaction (gulu la zosintha mu database zomwe zimatheka zonse pamodzi kapena kulephera zonse), kuitana API ya malipiro muli m'kati mwake, n'kudikira. Thread yamasuka, inde, koma connection yamangika masekondi 5 aja, ndipo ndi pool ya 10 mwatsikira pa mapempho 2 pa sekondi, kuchepa kuposa Tomcat yomwe munaithawa ija. Lembani kaye kuti malipiro ayambika, tsekani transaction, itanani API, yankho likabwera mutsegule ina. Wachiwiri uli pa timeout ndi retry. Kuzilemba n'kosavuta kwambiri moti munthu amangozimata paliponse. Koma timeout imangothetsa kudikira kwanu. Pempho lomwe linapita kale ku kampani ya malipiro likhoza kutheka ndithu, inu musakumva. Mukabwereza mwachisawawa, mayi wa ku Bangwe uja wadulidwa fizi kawiri. Malipiro aliwonse akhale ndi nambala yakeyake yomwe siisintha mukamabwereza, ndipo mu database muikepo unique constraint pa nambala imeneyo.

Palinso lamulo lina lomwe silikambirana: pa event loop musaimitse thread. Reactor Netty imayendetsa seva yonse pa ma thread ofanana ndi ma core a makina, osachepera 4. Library imodzi yakale yotumiza SMS kapena yopanga PDF, yomwe m'kati mwake imadikira netiweki, ikaitanidwa pamenepo pa makina a ma core 4 imaimitsa gawo limodzi mwa magawo anayi a seva yanu, pamodzi ndi makasitomala onse omwe ma socket awo ali pa thread imeneyo. Chida cha BlockHound chimagwira zoterezi pa nthawi yoyesa. Zomwe simungazipewe zimakankhidwira ku Schedulers.boundedElastic(), koma dziwani kuti kumeneko mwabwereranso ku ma thread odikira. Kukulunga JDBC mu Mono n'kuitcha reactive ndi kudzinamiza.

Izi zikutanthauzanso kusiya zida zina zozolowereka. Hibernate wamba, chida chokulemberani SQL mu Java, imadalira JDBC. Hibernate Reactive inatuluka mu 2021, koma imayenda pa ma driver a Vert.x, osati R2DBC. Spring Data R2DBC ilibe lazy loading (kukatenga deta pokhapokha ikafunika), ndipo siikulumikizirani matebulo. Ma join mumalemba nokha, zomwe kunena zoona zimaphunzitsa munthu SQL. Flyway ndi Liquibase, zida zosinthira kapangidwe ka matebulo, zimafunabe JDBC, ngakhale pamenepo palibe vuto chifukwa zimayenda poyatsa seva pokha.

Chovuta kuchizolowera ndi chakuti pempho limodzi limadumphadumpha pa ma thread osiyanasiyana. Kwa zaka zambiri Java yakhala ikusunga transaction, dzina la wolowa, ndi nambala yolondolera ma log mu ThreadLocal, poganiza kuti thread imodzi ndi ya pempho limodzi. Ganizo limenelo likagwa, zonsezi ziyenera kunyamulidwa mu Context ya Reactor. Spring inawonjezera ma transaction a reactive pa mtundu wa 5.2 mu 2019. Ndipo zinthu zikaphulika usiku, stack trace, mndandanda wolondolera pomwe error yachitikira, imadzaza ndi mizere ya onNext ndi onSubscribe, mzere wa code yanu osaoneka. checkpoint() imathandizako. Komabe funso lakuti adzaiwerenga ndani code imeneyi si lachibwana. Amene anailemba akapeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, imatsalira mnyamata kapena mtsikana wongomaliza kumene pa MUBAS, amene for loop ndi try/catch amazidziwa bwino, koma switchIfEmpty ndi onErrorResume ayenera kuziphunzirira pa seva yomwe ikuyendetsa ndalama za anthu.

Oracle inayamba kukonza njira yakeyake ya asynchronous yotchedwa ADBA, koma mu 2019 inaisiya, ponena kuti Project Loom idzathetsa vutolo mwa njira ina. Loom inafika mu Java 21 mu 2023 ndi ma virtual thread. Awa ndi ma thread opepuka oyendetsedwa ndi JVM yomwe, osati kernel. Virtual thread ikafika podikira socket, JVM imaichotsa pa thread yeniyeni n'kuikapo ina, yankho likabwera n'kuibwezera. Mumalemba code yowongoka ya JDBC yakale ija, stack trace yowerengeka, koma kudikira sikudyanso ma thread a makina. Go yakhala ikuchita zofananazi ndi ma goroutine kuchokera pachiyambi. Mu Spring Boot 3.2 kupita m'tsogolo, kuyatsa n'kungoika spring.threads.virtual.enabled=true. Panali chilema chakuti virtual thread yodikira ili m'kati mwa synchronized inkakakamira pa thread yeniyeni, koma Java 24 inakonza zimenezo mu 2025. Geti lija nalo limachoka chimodzimodzi, ndiye nkhani ya pool siisintha.

Kodi reactive yatha ntchito? Ayi. Komwe deta ikuyenda mosalekeza, monga mauthenga ochokera ku Kafka (pulogalamu yoyendetsa mauthenga pakati pa ma seva), ma WebSocket ambirimbiri otseguka, kapena gateway yomwe ntchito yake n'kulandira pempho, kuitana ma API anayi nthawi imodzi n'kuphatikiza mayankho, backpressure ndi ma operator monga zip, merge ndi retryWhen zimapereka zomwe ma virtual thread sapereka pa okha. Ngati muli pa Node.js palibenso chosankha, driver ndi ya asynchronous kale, chotsala n'kusamala pool. Koma dongosolo la sukulu, la chipatala chaching'ono kapena la SACCO ya ku Limbe, lomwe limatumikira anthu mazana angapo patsiku, silidzafika n'komwe pa ma thread 200, ndipo likamachedwa chifukwa chake chimakhala kwina: index yosowa, ma query obwerezedwa mu loop, kapena database yoikidwa kutali ndi pulogalamu.

Musanalembenso pulogalamu yonse, PostgreSQL ikhoza kukuuzani yokha komwe nthawi ikupita. Yatsani pg_stat_statements muone ma query omwe akudya nthawi yambiri, muwayese ndi EXPLAIN ANALYZE. Mukaona Seq Scan, kutanthauza kuwerenga tebulo lonse, pa tebulo la mizere mamiliyoni, driver ilibe mlandu. Kenako, pa nthawi yomwe anthu achuluka, funsani pg_stat_activity. Ma connection ambiri akakhala pa active, database ndi yomwe yalemedwa, ndipo kuitumizira mapempho ochuluka kungowonjezera moto. Akakhala pa idle pamene ma thread onse a Tomcat agwidwa, kudikirako kuli kunja kwa database, ndipo apa ndi pomwe ma virtual thread kapena reactive zingakupindulireni. Akakhala pa idle in transaction, ndiye kuti code yanu yagwira connection ikudikira zina, msampha woyamba uja. Pamenepo ikani idle_in_transaction_session_timeout kuti database izidula ma connection oterowo, kenako mukasake mu code malo omwe API ikuitanidwa transaction isanatsekedwe.